Mano ofiira, nkhama zotuluka magazi ndi manyazi a kuseka pagulu

Mayi wina wachitsikana amene anakulira m'boma la Machinga watilembera imelo. Akuti mano ake akutsogolo ali ndi mawanga ofiirira kuyambira ali mwana, ndipo chaka chino nkhama zayamba kutuluka magazi akamatsuka. Wakhala akukwecha manowo ndi makala osinja, nthawi zina mchere ndi mandimu, koma palibe chikusintha. Akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo anzake akamajambulitsa iye amazemba. Akufunsa ngati manowo angayere, komanso ngati kusasangalala kumene akumva masiku ano kukuchokera m'kamwa.

Achemwali, muli ndi mavuto awiri osiyana, ndipo njira imene mukulimbanira ndi loyambalo ndi imene ikukulitsa lachiwiri.

Tiyambe ndi mawanga. Mmene mwawafotokozera, mwina si litsiro ayi. M'madera ena a Machinga, Nsanje, Chikwawa ndi ku Nathenje ku Lilongwe, madzi a m'mijigo ina amakhala ndi mchere wambiri wotchedwa fuloraidi wochokera m'miyala ya pansi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fuloraidiyu asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Mwana akamamwa madzi opitirira muyezowu mano ake achikulire akupangika m'kati mwa nkhama, kufikira zaka pafupifupi 8, chikutiro cholimba cha kunja kwa dzino sichikhwima bwino. Dzino limamera lili ndi mizere yoyera mbuu, kenako imasanduka yofiirira. Mtunduwo uli m'dzino momwemo, ndiye kukwecha sikungauchotse. Makala amapala chikutirocho, asidi wa mandimu amachisungunula, ndipo chikatha sichimeranso. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewa, choncho mano amaoneka oderapo kuposa kale ndipo amayamba kuwawa mukamwa madzi ozizira. Lekani lero lomwe. Ngati kwanu ana akumwabe madzi a pamjigo womwewo, dziwani kuti kuwiritsa sikuchotsa fuloraidi. Madzi akamaphwera pamoto, iye amatsala.

Chimene chimathandiza chili kwa dokotala wa mano. Mawanga osazama amawapala pang'ono kwambiri ndi mankhwala apadera, nthawi zina n'kuwonjezera oyeretsa. Ozama amawamata ndi phala la mtundu wa dzino limene limaumitsidwa ndi kuwala kwa buluu, ntchito yotheka tsiku limodzi. Phalali limadetsedwa ndi tiyi ndi fodya pakapita zaka, ndiye limafuna kukonzanso. Zimenezi zimapezeka kwambiri m'zipatala zolipira za m'tauni, ndipo funsani mtengo wa dzino lililonse musanakhale pampando.

Koma dokotala wanzeru sangamate dzino nkhama zikutuluka magazi, ndipo vuto la changu ndi limeneli. M'mphepete mwa nkhama mumaunjikana utoto woterera wa mabakiteriya. Ukakhala osachotsedwa, nkhama zimatupa, kufiira ndi kuchucha magazi zikangokhudzidwa. Anthu ambiri akaona magazi amayamba kulambalala malowo ndi mswachi, utoto n'kumachuluka. Pakapita masiku umauma gwa, ndipo pamenepo mswachi sungathenso. Zikapitirira zaka, fupa logwira dzino limadyeka, mano n'kuyamba kugwedera.

Gulani mswachi wofewa, osati wolimba umene ambiri amaukonda poganiza kuti ndiwo umayeretsa. Mankhwala otsukira akhale ndi fuloraidi wa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm, zimalembedwa pachubu. Musaope, kwa munthu wamkulu mankhwalawa sawonjezera mawanga, chifukwa mano anapangika kale. Finyani pang'ono, kukula ngati nsawawa imodzi. Pendeketsani mswachi kuti tsitsi lake liloze pamene dzino lakumana ndi nkhama, muzizunguliza pang'onopang'ono mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja, m'kati ndi potafunira, kwa mphindi ziwiri, m'mawa ndi pogona. Kumbuyo kwa mano akutsogolo a m'munsi ndi kumene ambiri amaiwala. Mukamaliza lavulani koma musachukuche ndi madzi. Pakati pa mano pitsanipo ulusi wa mano kamodzi patsiku, ndipo tsukani lilime mpaka chakumbuyo, chifukwa fungo la m'kamwa nthawi zambiri limachokera kumeneko. Mswachi sinthani pakatha miyezi itatu.

Masiku oyamba magazi azitulukabe, pitirizani. Kawirikawiri amaleka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Akapanda kuleka, pitani ku chipatala cha boma chimene chili ndi gawo la mano mukapemphe kuti akupaleni zouma zija. Mukayezetsenso shuga, ndipo ngati muli oyembekezera muwauze, poti zonse ziwirizi zimatupitsa nkhama.

Tsopano za mtima. Mwina munamvapo kuti kungomwetulira kumabweretsa chimwemwe. Mu 1988, wofufuza wa ku Germany Fritz Strack ndi anzake anauza anthu kuti alume cholembera ndi mano, nkhope izioneka yomwetulira, ndipo anthuwo anati zojambula zoseketsa zinawaseketsa kwambiri. Mu 2016 magulu 17 a ofufuza anabwereza zomwezo koma sanapeze zimenezo. Ndiye sindingakuuzeni kuti muziima pagalasi n'kumadzikakamiza kumwetulira. Chimene chikukupwetekani ndi kubisa. Munthu amene nthawi zonse akulondera milomo yake amayankhula mwachidule, amathawa maukwati ndi misonkhano, anzake n'kumamuyesa wonyada kapena wokwiya, iwonso n'kumutalikira. Kusungulumwa kumeneko ndiko kumalemetsa mtima.

Zimayendanso chobwerera. Munthu wokhumudwa amagona osatsuka, amathamangira tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa zotsekemera. Nkhawa imachititsa ena kukukuta mano ali mtulo, n'kudzuka nsagwada zikuwawa, mano akuperepeseka. Mankhwala ena a maganizo, monga amitriptyline, amaumitsa m'kamwa, ndipo malovu akachepa mano amabowoka msanga. Amene akumwa mankhwalawa asawasiye okha. Azimwa madzi pafupipafupi ndi kuuza dokotala.

Kuchira kwa nkhama kukupepukitsani ndithu, makamaka fungo likatha, koma musaike zonse pa mano. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mukusowa tulo, chakudya sichikukoma, ndipo zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, tsiku limene mukapite kokapalitsa mano mukafunsenso namwino woona za matenda a maganizo pa chipatala chomwecho. Mukamuuze zonse monga mwatilemberamu, kuphatikizapo zothawa kujambulitsa.