Kodi n'kulakwa kukaomba m'manja pamsewu pomwe panafera mwana?

Mayi wina amene wasamukira kuno ku Massachusetts, m'dziko la America, chaka chatha wandilembera imelo. Akuti ana ake awiri akumuumiriza kuti akaonere mpikisano wothamanga wa Boston Marathon, womwe umachitika Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo, koma iye mtima ukukana. "Ndinamva kuti pamsewu umenewo panafera mwana," walemba choncho. "Kodi si mwano kukaimba nthungululu pamalo otere? Komanso ndili ndi mantha."

Amayi, ndakhala masiku awiri osakuyankhani. Funso lanulo ndi lomwe linandivutitsa ine chaka chathunthu.

Pa 15 Epulo 2013 ndinaima pafupi ndi Kenmore Square, malo omwe wothamanga amakhala atatsala ndi mtunda wosakwana makilomita 2 pa makilomita 42 aja. Ndinali ndi kambale ka malalanje osendasenda. Ndinkadikira mnzanga wa kuntchito, mayi wamkulu ndithu amene tinkachezera naye usiku posamalira okalamba. Iye ankathamanga pofuna kusonkhetsa ndalama zothandizira odwala khansa, matenda omwe anatenga mwamuna wake. Miyezi inayi yonse ya chisanu ankati tikaweruka m'mawa, ine n'kupita kukagona, iye n'kuvala nsapato kukathamanga.

Ine kuphulikako sindinakumve. Chimene ndinaona ndi othamanga akuima. Munthu amene wachokera ku Hopkinton, komwe mpikisano umayambira, wapansi, wakwera zitunda za ku Newton, saima chisawawa mzere womalizira uli pafupi chonchi. Koma anaima, mazanamazana, apolisi atatchinga njira. Thukuta litauma anayamba kunjenjemera ndi mphepo. Anthu a m'nyumba zapafupi anatuluka ndi madzi, majekete, ena mapepala akuluakulu otayiramo zinyalala kuti othamangawo afunde. Mafoni sankalowa. Mnzangayo ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa msewu, akungobwereza mawu amodzi: "Mwana wanga ali kutsogoloko, akundidikira." Panapita maola awiri tisanamve kuti mtsikanayo ali moyo.

Ena sanalandire uthenga wotere. Nthawi ya 2:49 masana, mabomba awiri opangidwa ndi mapoto otseka mwamphamvu, odzaza misomali ndi tizitsulo, anaphulika motsatizana pa Boylston Street, msewu womwe pali mzere womalizira, pakati pa anthu oonerera. Anafa Krystle Campbell wazaka 29, Lingzi Lu wazaka 23 yemwe anachokera ku China kudzaphunzira pa Boston University, ndi Martin Richard, mnyamata wazaka 8, mwana amene mukumunenayo. Anthu oposa 260 anavulala, ena n'kuduka miyendo. Patapita masiku atatu, abale awiri omwe anachita chipongwechi anaphanso wapolisi wa pa yunivesite ya MIT, Sean Collier. Lachisanu lake mabasi ndi sitima zinaima, anthu anauzidwa kuti asatuluke m'nyumba, ine ndinatsekeredwa kuntchito ndi agogo omwe ankangondifunsa chifukwa chake ana awo sakubwera.

Ndiye pasanathe n'komwe sabata, malaya olembedwa kuti "Boston Strong", kutanthauza kuti Boston ndi wolimba, anali ponseponse. Kunena zoona, zinandiwawa. Ndinakulira kumudzi komwe maliro akagwa khasu limagona, wailesi imazimitsidwa, amayi amachezera m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto. Munthu salankhula za kulimba mtima thupi lisanalowe m'manda. Ndinkaona ngati anthu a kuno akuthamangira kupukuta misozi isanagwe. Chaka chonsecho sindinapondeko pa Boylston Street. Ndikafuna kupita ku laibulale ya ku Copley, yomwe ili pamsewu womwewo, ndinkasintha maganizo, n'kubwerera.

Chinayamba kundifewetsa ndi mnyamata wa ku Ethiopia, Lelisa Desisa, yemwe anapambana mpikisano wa tsiku loipalo maola angapo mabomba asanaphulike. Mwezi wa Juni anabwerera n'kudzapereka mendulo yake kwa anthu a mu mzinda wa Boston. Ndinati uyu waleredwa, akudziwa kupepesa maliro. Sanabwere chimanjamanja.

Koma amene anandibweza pamsewu ndi mnzanga uja. Okonza mpikisano anaitananso anthu oposa 5,000 omwe anaimitsidwa panjira kuti adzathamange mu 2014. Usiku wina tikupinda zofunda anandiuza kuti, "Ndikufuna udzaime pamalo pomwe paja, ndi malalanje omwe aja." Ndinamuuza zonse zomwe mwandilemberazi, za mwano, za mantha. Iye anangoti, "Ine ndinakhala pansi pamenepo ndikuganiza kuti mwana wanga wafa. Ndikufuna ndidzadutsepo ndili chiimire."

Ndinapita. Linali tsiku la 21 Epulo 2014, olembetsa kuthamanga anali pafupifupi 36,000, ndipo khamu la oonerera sindinaonepo lotere. Othamanga ambiri analandira masikafu a buluu ndi achikasu omwe anthu a m'madera osiyanasiyana analuka pamanja n'kutumiza ku tchalitchi cha Old South Church, chomwe chili pafupi ndi mzere womalizira. Woyamba kudutsa mwa amuna anali Meb Keflezighi, wobadwira ku Eritrea, yemwe anafika ku America ali mwana banja lake litathawa nkhondo. Anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 39, ndipo ambiri sankamuwerengera. Papepala la nambala yake pachifuwa analembapo mayina a anthu anayi anafa aja. Anamaliza pa maola 2, mphindi 8 ndi masekondi 37, mwamuna woyamba wa dziko la America kupambana kuchokera mu 1983. Bambo wina amene sindimamudziwa anandigwira phewa akulira ngati mwana.

Mnzangayo anafika patapita maola ambiri, akukoka mwendo. Anaima, anatenga kachidutswa kamodzi ka lalanje, anayang'ana pansi pomwe anakhala chaka chapitacho, kenaka anapitirira. Sitinalankhulane kanthu.

Pobwerera kunyumba m'sitima ndinakumbukira agogo anga. Maliro akatha, pamabwera tsiku lometa. Anthu amameta, amasesa pabwalo, phulusa la moto wa pamaliro limachotsedwa, ndipo m'mawa mwake agogo ankatenga khasu kupita kumunda. Palibe ankati aiwala womwalirayo. Akanakhala m'nyumba chaka chonse, ndiye kuti imfa yatenga anthu awiri, ndi munda womwe. Ine ndinkadziwa mwambo wa kulira, koma ndinali nditaiwala kuti kwathu komweko kulinso mwambo wa kudzuka. Ndinaganizanso zomwezi mu 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ku Chilobwe, ndikumva abale a ku Blantyre akukangana ngati n'koyenera kuchita ukwati womwe anaukonza kale. Zimenezi n'zovuta kulikonse.

Lero maganizo anga ndi olimba pa nkhaniyi. Anyamata otchera mabomba aja anasankha dala malo omwe mabanja amaima kudikira okondedwa awo. Msewu umenewo ukanakhala wopanda ana chaka chotsatira, bwenzi atapeza chomwe ankafuna. Ndipo amene ali ndi mphamvu yonena kuti tilire motani ndi eni maliro, osati ine kapena inu. Makolo a Martin anapempha poyera mu 2015 kuti wopha mwana wawo asapatsidwe chilango cha imfa, poopa kuti milandu ya apilo idzawakumbutsa tsikulo zaka ndi zaka. Mchimwene wake wa Martin, Henry, anathamanga yekha mpikisanowu mu 2022 n'kudutsa pamalo pomwe mng'ono wake anafera. Ngati iwo abwererako, ine ndine yani kuti ndinene kuti ndi mwano?

Chimene ndimakana ndi kuuza munthu kuti "zinatha, limba mtima." Alipo omwe amavala mwendo wachitsulo m'mawa uliwonse. Alipo omwe mpaka pano akamva chitseko chikumenyetseka thupi limachita tsemwe, ndipo mwezi wa Epulo amachoka mu mzinda. Amenewo asakakamizidwe ndi aliyense, ngakhale ndi malaya olembedwa mawu okoma.

Tsono mupite kapena ayi?

Pitani nawo anawo, koma chaka choyamba musalimbane ndi Boylston Street, kumakhala kothinana ndipo siteshoni ya Copley imatsekedwa tsikulo. Kwerani sitima ya ku Framingham mukatsike ku Natick kapena ku Wellesley, komwe ana angathe kuima kutsogolo n'kumagundana manja ndi othamanga. Musanyamule chikwama chachikulu, apolisi amasecha, ndipo tengani majekete chifukwa nyengo ya Epulo imasintha mosayembekezeka. Tsiku lina lopanda phokoso mudzawatengere pa Boylston akaone zipilala zamwala ndi nyali zomwe zinaikidwa mu 2019 pamalo awiri aja, muwauze dzina la Martin. Mtima ukadzakanabe m'mawa wa tsikulo, khalani kunyumba, simunalakwire munthu.

Mnzanga uja anasiya kuthamanga, mawondo anakana. Chaka chino tidzaima limodzi pa Kenmore, iye ndiye adzasenda malalanje.