Makina osokera a agogo: musathire mafuta ophikira, musapukute ndi sipiriti

Funso: Bambo amisiri, ndine mtsikana wa zaka 26, ndimachita lendi ku Area 25. Ndimakonda zinthu zamakedzana, madiresi a masitayilo akale, nsalu zoluka zapatebulo, makapu achitsulo aja. Agogo atatisiya ku Dedza ndinatenga makina awo a Singer, akuda opondera aja. Gudumu lake ndi lolimba, ndipo ndikakakamiza kusoka ulusi umangounjikana pansi pa nsalu. Mnzanga akuti ndithiremo mafuta ophikira, kunjaku ndipukute ndi sipiriti kuti awale. Ndinagulanso galamafoni yamagetsi pa kaunjika, pulagi yake ya mano awiri aphanthiphanthi, sindinayiyatsebe. Pali ndi wailesi ya Nzeru ya agogo omwewo imene ili zii. Ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanagwire botolo lililonse. Malangizo onse awiri a mnzanuyo ndi owononga, ndipo zimene sipiriti angawononge sizibwereranso.

Makina akuda amenewa anawakutira ndi vanishi wamtundu wakale amene amasungunuka ndi sipiriti. Timaluwa tagolide tija ndi dzina la Singer zili pansi pa vanishiyo. Mukangodutsitsa kansanza ka sipiriti, golide uja amayera mbuu kenaka n'kuchokeratu. Ndinalandirapo makina otere kuno ku Kawale, mbali imodzi maluwa ali bwinobwino, mbali inayo dzina latsala zilembo zitatu zokha. Mwiniwake anali mayi wachikulire, ndipo atamva kuti palibe chimene ndingachite anangokhala pa benchi osayankhula. Inu pukutani ndi kansalu kofewa kodonthezera mafuta a makina osokera, pang'onopang'ono, basi.

Mafuta ophikira nawo amafewetsa lero lokha. Pakapita miyezi amauma n'kukhala ngati utomoni, ndipo ndi fumbi lathu la Lilongwe lino amasanduka phala lomata zitsulo. N'kutheka kuti gudumulo lalimba chifukwa cha mafuta akale ouma chomwecho. Vulani lamba. Donthezani palafini m'timabowo tonse ta pamwamba pa mkono wa makina, kenaka muwapendeketse chagada mudonthezenso paliponse pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake. Asiyeni agone usiku umodzi. M'mawa gwedezani gudumu ndi dzanja, uku ndi uku, osalimbana nalo. Mudzaona timadzi tofiirira tikutuluka m'mfundo. Pukutani, bwerezani mpaka gudumu lizizungulira lokha mukalikankha. Pamenepo ndiye muthire mafuta enieni a makina, oyera ngati madzi aja, dontho limodzi pa bowo lililonse. Amapezeka m'masitolo ogulitsa ulusi ndi mazipi ku Area 2, kapena funsani telala aliyense wa pakhonde akuuzani kumene amagula.

Za ulusi wounjikana pansi, ambiri amathamangira kumasula kasikuluwu ka pa chikho cha bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wapansi kaja. Musakakhudze. Ulusi ukamaunjikana pansi, kawirikawiri wolakwa ndi wapamwamba: sunalowe pakati pa timbale tiwiri tija timene timaupana. Timbaleto timatseguka pokhapokha phazi lopanira nsalu likakhala m'mwamba. Kwezani phazi, solorani ulusi wonse, yambiraninso kuulowetsa, ndipo mukatsitsa phazi muukoke. Uyenera kumveka kuti wagwidwa. Ukamabwera wosalimba, dutsitsani kansalu pakati pa timbaleto, mumakhala dzimbiri kapena kachidutswa ka ulusi wakale.

Kenaka masulani timasikuluwu tiwiri ta kachitsulo kamene singano imalowapo. Pansi pake, pakati pa mano okoka nsalu, mudzapeza thonje lopanikizika ngati bulangete, mwina ndi nsonga ya singano yothyoka. Chotsani ndi mswachi wakale. Singano ikani yatsopano, chifukwa ya agogoyo ngakhale ikuoneka yowongoka nsonga yake inabuntha. Pa chitenje nambala 14 ndi yabwino, pa nsalu yokhuthala 16 kapena 18. Singano ili ndi mbali yaphanthi ndi mbali ya kangalande kakatali. Makina ena mbali yaphanthi imayang'ana kumanja, ena kumanzere, choncho yang'anitsitsani yakaleyo musanaichotse, ijambuleni ndi foni. Ulusi umalowera ku mbali ya kangalandeko nthawi zonse. Mukaitembenuza, makina amadumpha misoko kapena osatola n'komwe ulusi wapansi.

Onaninso pa mkono wa makinawo. Ngati palembedwa Great Britain, anachokera ku fakitale ya Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980, ndiye kuti ali ndi zaka zoposa 40 ndipo mwina zambiri kuposa pamenepo. Musade nkhawa za zipangizo. Ngati bobini imalowera chakumanzere ili m'kachikho kachitsulo, amenewo ndi a mtundu wa 15, umene makina a Butterfly a ku China amene matelala ambiri ali nawo anatengera kapangidwe kake. Mabobini amagwirizana. Kachikhoko kokha muzipita nako pokagula, chifukwa kanyanga kake sikaloza mbali imodzi pa makina onse. Lamba wachikopa amagulitsa wautali: mumadula, kuboola ndi msomali, n'kulumikiza ndi kawaya kake. Asathine kwambiri, apo ayi mwendo udzatopa musanamalize mpendero umodzi.

Tsopano galamafoni. Musailumikize kumagetsi musanawerenge kachizindikiro ka kumbuyo kapena kunsi kwake. Magetsi athu ndi a 230V, 50Hz. Pulagi ya mano awiri aphanthiphanthi nthawi zambiri imasonyeza katundu wa ku Japan, kumene magetsi ndi 100V, kapena ku America, kumene ndi 120V. Kaadaputa kogula pamsika kamangosintha mano, mphamvu sikachepetsa, ndiye mukangoyatsa mumamva fungo la waya wopsa. Ngati palembedwa 100V kapena 120V, mufunika thiransifoma yotsitsa magetsi kufika pa mlingo umenewo.

Pali kenanso kamene thiransifoma singakonze. Mota za magalamafoni ena akale zimatengera liwiro lake ku ma Hz a magetsi. Yopangidwira 60Hz ikabwera kuno imayenda mofooka, mbale ya nyimbo yoyenera kuzungulira ka 33 pa mphindi imazungulira pafupifupi ka 28, ndipo woimba wa mawu okwera amamveka ngati wangodzuka kumene. Pakalembedwa 50/60Hz ndiye mwapeza yabwino. Nyamulaninso chitsulo chozungulira chimene mbale imakhalapo muone lamba wa labala, amakonda kusungunuka n'kukhala ngati phula. Singano yake sinthani musanaike mbale imene mumaikonda, chifukwa yakutha imakanda mizere ndipo phokosolo limakhala la mpaka kale. Mbalezo muziziimika chilili, kutali ndi zenera. Kutentha kwa mu Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumazipinda ngati chipewa.

Wailesi ndiyo yosavuta. Tsegulani mokhala mabatire. Mukapeza ufa woyera kapena wobiriwira pa timasipuling'i, tsukani ndi mswachi woviika mu vinega, mupale pang'ono, muumitse, muike mabatire atsopano. Zambiri zimadzuka pomwepo. Ngati ili ndi MW ndi SW zokha popanda FM, nyumba zoulutsira mawu zambiri za masiku ano simuzigwira, koma usiku pa SW mudzamva za kunja. Wina akakuuzani kuti achotsemo zam'kati aikemo Bluetooth, ine ndingakane. Ka Bluetooth kangathe kulumikizidwa ku sipika popanda kuboola bokosi kapena kutaya kanthu, ndipo mmisiri wosamala amachita zimenezo.

Makina aja akafewa, musayambire pa diresi. Tengani chidutswa cha chitenje chakale, chipindeni pawiri, musoke mizere yowongoka mpaka mafuta otsala atasiya kudetsa nsalu ndipo msoko ukuoneka chimodzimodzi pamwamba ndi pansi. Gudumu muziliyambitsa ndi dzanja, kulikokera kwa inu, phazi lanu n'kulandira pa chopondera. Likabwerera m'mbuyo ulusi umaduka, ndipo masiku awiri oyamba lidzabwerera kangapo. Mukamaliza kusoka siyani kansalu pansi pa phazi lopanira nsalu, muvundikire makina onse ndi chitenje chifukwa cha fumbi.