Kodi Nix tingaifotokoze bwanji m'Chichewa?

Wowerenga wina, amene amaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a pakompyuta, wafunsa za Nix, pulogalamu yoika ndi kusunga mapulogalamu ena pa kompyuta, kuti: "Ndikufuna kufotokozera ophunzira anga za Nix, imene m'Chingerezi amaitcha functional package manager. Ndinalemba kuti ndi 'woyang'anira katundu wogwira ntchito', koma ophunzira sanamve kanthu. Kodi ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, vuto lalikulu lili pa mawu oti "wogwira ntchito". Wophunzira akamva choncho aganiza kuti mapulogalamu ena onse a mtundu umenewu ndi owonongeka, pomwe mawu oti functional pano achokera ku masamu. Akunena za lamulo lakuti mukaikamo zinthu zomwezo, zotuluka zake zimakhalanso zomwezo nthawi iliyonse, monga mmene kuchulukitsa 3 ndi 4 kumaperekera 12 lero, mawa ndi chaka chamawa. Eelco Dolstra, amene anayamba Nix mu 2003 ku yunivesite ya Utrecht m'dziko la Netherlands, ndi kulemba za iyo pa maphunziro ake a udokotala mu 2006, anafuna kuti kumanga pulogalamu kukhale ngati samu yotere. Zolowa ndi malemba a pulogalamuyo, malangizo omangira, ndi mapulogalamu ena onse amene iyo imadalira. Chotuluka ndi pulogalamu yomangidwa. Palibe liwu limodzi la Chichewa lonyamula zonsezi, ndipo ine sindikulangizani kupeka lina. Nenani kuti "Nix imamanga pulogalamu iliyonse kuchokera pa zolowa zake zokha", ndipo mwanena zoona.

Pa mawu oti package, "katundu" ndi lotambalala kwambiri, chifukwa njinga, mbuzi ndi matumba a chimanga zonse ndi katundu. "Phukusi" likuyenera bwino, popeza ndi zinthu zingapo zomangidwa pamodzi kuti ziyende ngati chinthu chimodzi. Tizinena kuti phukusi ili, phukusi la pulogalamu, maphukusi awa. Komanso "woyang'anira" ndi munthu. Pulogalamu ndi "yoyang'anira maphukusi".

Funso lachiwiri la mphunzitsi yemweyo ndi lakuti: "Nanga reproducible environment ndingati 'chilengedwe chofanana'?"

"Chilengedwe" tichisiyire mitengo, mitsinje ndi nyama zakutchire. Chimene akunena apa ndi gulu la mapulogalamu ndi zida zimene munthu wakonza pa kompyuta kuti agwirirepo ntchito yake, ndipo "malo ogwirira ntchito a pakompyuta" akukwanira.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa liwu loti "chofanana", chifukwa Chichewa chimasiyanitsa bwino zinthu ziwiri zimene olemba ambiri amazisakaniza. Ana amapasa ndi ofanana, koma ndi anthu awiri. Ukati "mwana yemweyo", ukunena munthu mmodzi. "Zofanana" zimalola kusiyana pang'ono, pomwe "zomwezo" sizilola, ndipo nkhani yonse ya Nix yagona pa kusiyana kumeneku. Wolemba mapulogalamu akadandaula kuti pulogalamu ikuyenda pa kompyuta yake koma ikukana pa ya mnzake, kawirikawiri makompyuta awiriwo amakhala ndi maphukusi ofanana, osati omwewo: wina ali ndi mtundu wakale wa phukusi lina, mnzake ali ndi watsopano. Nix imasunga phukusi lililonse m'foda yakeyake pansi pa /nix/store, ndipo dzina la fodayo limayamba ndi zilembo ndi manambala 32, zimene zimawerengedwa kuchokera pa zolowa zonse. Mukasintha chinthu chimodzi chokha mwa zolowazo, dzina limasintha, ndipo phukusi latsopano limakhala pambali pa lakale popanda kulifufuta. N'chifukwa chake mitundu iwiri ya pulogalamu imodzi imatha kukhala pa kompyuta imodzi osalimbana, komanso munthu amatha kubwerera ku mmene zinthu zinalili dzulo ngati zimene waika lero zavuta.

Ndichenjeze pang'ono pano, kuti tisalonjeze ophunzira zoposa zimene Nix imachita. Chimene imatsimikiza ndi chakuti zolowa ndi zomwezo. Zotuluka nthawi zina zimasiyana pang'ono ngati pulogalamu yomangira yalowetsamo nthawi kapena zinthu zina zosinthasintha, ndipo pofuna kuchepetsa zimenezi Nix imaika tsiku la 1 Januwale 1970 pa mafailo onse a m'nkhokwe yake ya /nix/store.

Liwu lomasulira reproducible tili nalo kale, ndipo likuchokera pa kachidutswa ka mneni kosonyeza kutheka kwa chinthu. Timati kudya, kudyeka, kuona, kuoneka, kuchita, kuchitika. Momwemonso kubwereza, kubwerezeka. "Malo ogwirira ntchito obwerezeka" ndi malo amene munthu wina angawamangenso pa kompyuta ina ndi kupeza omwewo. Pewani "obwerezedwa", chifukwa amenewo ndi malo amene wina wawabwereza kale, pomwe ife tikunena zakuti kubwerezako n'kotheka.

Funso lomaliza ndi lalifupi: "Kodi ndilembe kuti 'Nix amasunga' kapena 'Nix imasunga'?"

Lembani "imasunga", chifukwa m'maganizo mwathu tikunena pulogalamu, ndipo timati pulogalamu iyi imasunga. "Amasunga" tiwasungire anthu, monga ponena kuti a Ludovic Courtès anayamba Guix, pulogalamu inanso yoyang'anira maphukusi, mu 2012 potsatira nzeru za Nix, ndipo Guix imasunga maphukusi ake pansi pa /gnu/store. Mukatchula awiriwa pamodzi ngati mapulogalamu, mgwirizano umasintha: mapulogalamu awa amasunga. Maina a Nix, Guix ndi NixOS (dongosolo loyendetsa kompyuta yonse lomangidwa pa Nix) alembeni monga mmene eni ake amawalembera, pakuti wophunzira akalemba "Nikisi" pa kompyuta, makinawo sadzamuyankha.