Achimwene, musapite nawo kwa wosintha mabatire

Makina a wotchi yakale ya m'thumba a ku Liverpool amene mwagulawo, aja a fusee (kagudumu kosongoka kumwamba kamene tcheni cha sipuling'i chimakulungikapo), ogunda pang'ono n'kuima, chonde musathamange nawo kwa aliyense. Ine zinandionekera chaka chatha, mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Anga ndinawapeza pa car boot (msika wa zinthu zakale zogulitsira kumbuyo kwa magalimoto) kuno ku Coventry, £30, opanda chigoba, paja zigoba zasiliva ndi zagolide anthu anasungunula kalekale. Koma kukongola kwake! Dzina la mmisiri lozokotedwa ndi manja, kadayamondi pamwamba pa balance, kagudumu kaja kogwedezeka uku ndi uku kosunga nthawi. Ndiye ine kupusa, ndinapita nawo kwa bambo wina wa kashopu kodula makiyi ndi kusintha mabatire. Ndinawafunsa kawiri konse ngati English lever, kachitsulo kamene kamagwira ndi kusiya timagudumu kuti wotchi izigunda, amaidziwa. Akuti mawotchi onse ndi amodzimodzi.

Ine ndili chiimire pompo, anatenga kiyi n'kukunga sipuling'i mpaka kumapeto, tcheni chonse chakulungika pa fusee. Wotchi sinayende. Anachotsa balance, kenako n'kuyamba kuzula timapini togwira mbale ya pamwamba, sipuling'i ili chikungire. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, mawu osatuluka. Mbale ija itangotukuka, lever inachoka m'malo, timagudumu tonse n'kuthamanga kuti wiii, kenako thapu! Tcheni chaduka. Mukudziwa mmene chimaonekera, ngati cha njinga koma chowonda ngati ulusi. Kangowe kakumapeto kanauluka, tinakwawa pansi tonse awiri kukafunafuna, munthu wamkulu ine ndili m'yunifolomu ya kuntchito, osakapeza. Nditayang'ana escape wheel, gudumu limene lever imaligwira n'kulisiya, ndi galasi, mano atatu athyoka nsonga, ena apindika. Paja ya Chingerezi mano ake ndi osongoka ngati minga, osati a Swiss aja okhala ndi kaphazi kumapeto, ndiye sachedwa kuwonongeka.

Bambo aja ngakhale pepani. Akuti chinali chakufa kale, ndipo ndiwapatse £10 yotsegulira. Ndinalipiratu, manyazi. Anthu otere ndi amene akutha zinthu zimene zapulumuka zaka zoposa 150.

Chowawa n'chakuti gudumulo sungaligule m'sitolo. Makina ambiri ankayambidwa ku Prescot, pafupi ndi Liverpool, ali osamaliza, n'kukamalizidwa pamanja ku Liverpool, Coventry kapena Clerkenwell ku London, ndiye gudumu la wina sililowa mwa wina ngakhale akuoneka ofanana. Ndagula kale makina akufa anayi kufuna limodzi lokwana, palibe.

Musanachite chilichonse onani kaye kuti ndi lever yanji. Yoyambirira ija ya Thomas Mudge ya m'ma 1750 iwalani, simudzaipeza pa car boot. Koma za ku Liverpool nthawi zina zimakhala rack lever ya Peter Litherland ya 1791, kapena ya Edward Massey, ndipo zimenezo osonkhanitsa mawotchi akale amazifuna kuposa wamba.

Ine ndikuti musalole munthu wosadziwa fusee kugwira makina anuwo. Kutsegula nokha ndi mmene tonse timaphunzirira, bola mwafewetsa sipuling'i kaye pang'onopang'ono. Komabe pa amenewa ayi, yambani ndi makina akufa kale. Mukapeza mdala wodziwadi fusee, mpatseni ndalama imene wanena osanenerera. Ndipo lekani kukunga kuti muone ngati ayenda, mafuta anauma kale mmenemo. Tumizani chithunzi cha pansi pa balance tione roller yake, kachitsulo kokankha lever, tidziwe kuti ndi lever yanji.