Droo mu NFL: bwanji samangomenya mapenate?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene anasamukira ku Texas chaka chatha. Akuti anzake akuntchito onse ndi a Dallas Cowboys, timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa chiAmerica wogundana uja (American football), ndiye anamukokera kukaonera gemu yawo ndi Green Bay Packers ya pa 28 September 2025, anakhala mpaka usiku, gemu n'kutha 40-40 anthu n'kumangodzuka kumapita kwawo. Funso lake ndi ili: "Achimwene, ndinkadikira mapenate koma sanabwere. Kodi mu NFL akalepherana amatani? Nanga matimu awiri akafanana pa tebulo amayang'ana kusiyana kwa zigoli ngati mpira wathu uja?"

Achemwali, mwafunsa mafunso awiri pamenepa ndipo mayankho ake ndi osiyana, tiyambe ndi la pagemu.

Mapenate kulibe, amenewo muiwaliretu. Mphindi 60 zikatha zigoli zili zofanana amapita ku nthawi yowonjezera, imene iwo amati overtime. Lifali amaitana makaputeni pakati pa bwalo, amaponya khobidi m'mwamba, kaputeni wa timu ya alendo ndi amene amanena mbali imene akufuna, wopata amasankha kuyamba ndi mpira kapena kuupereka kwa anzakewo. M'magemu a ligi nthawiyi ndi mphindi 10 basi. Lamulo limene linayamba mu 2025 likuti timu iliyonse ipatsidweko mwayi wogwira mpira, ngakhale oyambawo atagoletsa touchdown (kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya adani), ndipo onse akagwirako zigoli n'kukhalabe zofanana, kuyambira pamenepo woyamba kupeza pointi iliyonse wawina. Mphindi 10 zija zikatha popanda wotsogola, yatha, ndi droo. Ndi zimene munaona inuzo, Dallas inamenya field goal (kumenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mizati ya golo) ya mapointi atatu, Green Bay inayenda ndi mpira mpaka wotchi itatsala pang'ono kufa, womenya wawo Brandon McManus n'kumenya yake, 40-40, aliyense kwawo.

Ndipo musadzimvere manyazi kuti simumadziwa. Mu 2008 Philadelphia Eagles inalepherana 13-13 ndi Cincinnati Bengals, gemu itatha quarterback wawo (woponya mpira amene amayendetsa timu) Donovan McNabb, munthu amene anali atasewera mu ligiyi zaka pafupifupi khumi, anauza atolankhani kuti samadziwa kuti gemu ingathe droo. Mpaka lero amamusekabe.

Mu playoffs, magemu ochotsana ligi ikatha, ndiye nkhani ina chifukwa wina ayenera kutuluka basi. Kumeneko amasewera zigawo za mphindi 15, chikatha china amayamba china mpaka wina apezeke. Gemu yaitali kuposa zonse inali ya pa Khirisimasi mu 1971, Miami Dolphins ndi Kansas City Chiefs, inatenga mphindi 82 ndi masekondi 40, Miami n'kuwina 27-24.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi momwe lamuloli lafikira pano, chifukwa nthawi zonse limasintha pambuyo poti timu ina yalira. Kale kunali sudden death yeniyeni, woyamba kugoletsa wawina, mfundo imodzi yokha. Inatchuka pa fainolo ya 1958 pamene Baltimore Colts inagonjetsa New York Giants 23-17 ku Yankee Stadium, koma m'magemu a ligi inadzalowa mu 1974, ndipo choseketsa n'chakuti gemu yoyamba kuigwiritsa ntchito, Pittsburgh ndi Denver, inathabe droo 35-35. Vuto la sudden death linali khobidi lija. Ukapata tosi, umangoyenda mayadi pang'ono, kufika poti womenya wako angathe kufikitsa mpira pagolo, wamenya, gemu yatha, anzako sanaukhudze n'komwe. Mu January 2010 New Orleans Saints inachita zimenezi kwa Minnesota Vikings, 31-28, quarterback wa Minnesota Brett Favre akungoonerera ali panja, ndiye eni matimu anati ayi, field goal yokha pa mpira woyamba isamathetse gemu, koma touchdown ithetsebe. Zinayamba mu playoffs, mu 2012 zinalowanso mu ligi, mu 2017 anadula nthawi ya mu ligi kuchoka pa 15 kufika pa 10 ati kuteteza matupi a osewera.

Touchdown ija ndiye inakhala chilonda. Pa Super Bowl (fainolo ya NFL) ya February 2017 New England, ikusewera ndi Atlanta, inachokera kumbuyo 28-3, inapata tosi, inagoletsa, 34-28, Atlanta osaugwira mpira. January 2019 New England yomweyo inachitanso kwa Kansas City, quarterback wa Kansas City Patrick Mahomes ali pa benchi. Kenako pa 23 January 2022 Mahomes ndi amene anadyerera: Buffalo Bills inatsogola kutatsala masekondi 13, tangoganizani masekondi 13, nthawi yosakwana kumanga zingwe za nsapato, koma Kansas City inayendetsa mpira n'kufananitsa, ku tosi quarterback wa Buffalo Josh Allen ananena tails khobidi linagwa heads, Travis Kelce anawakha touchdown, 42-36. Allen anali atasewera gemu ya moyo wake ndipo sanaponyenso mpira ngakhale kamodzi. Patangopita miyezi iwiri eni matimu anasintha lamulo la playoffs kuti onse azigwirako.

Lamulo latsopanoli linatembenuza nzeru ya tosi. Kale wopata ankangotenga mpira osaganiza kawiri, pano ambiri amaona kuti kubwera wachiwiri n'kwabwino chifukwa umadziwa chimene ukufunika, ngati anzako agoletsa touchdown sungaganizenso zomenya punt (kumenyera mpira kutali kuupereka kwa adani) pa down yachinayi, mpata wako womaliza wopita patsogolo, umangopitiriza. Pa Super Bowl ya February 2024 ku Las Vegas, San Francisco 49ers inapata tosi n'kusankha kuyamba, inapeza atatu okha, Mahomes anabwera akudziwa ngongole yake n'kuponyera Mecole Hardman, 25-22. Osewera ena a 49ers anavomera pambuyo pake kuti lamulolo samalidziwa bwino, ndiye mukuona kuti McNabb sali yekha.

Tsopano za tebulo. Kumeneko kulibe zoti mapointi atatu ukawina, imodzi ukadroo. Amawerenga magemu owina ndi oluza pa magemu 17, ndipo droo imawerengedwa theka kuwina theka kuluza. Matimu ndi 32, opita ku playoffs ndi 14, asanu ndi awiri ku AFC asanu ndi awiri ku NFC (magulu awiri akuluakulu a ligiyi, otchedwa ma conference), ndiye ndi magemu ochepa chonchi kufanana kumachitika chaka ndi chaka. Matimu awiri a division imodzi (kagulu kakang'ono ka matimu mkati mwa conference) akafanana, choyamba amafunsa kuti mutakumana nokhanokha anawina ndani. Zikafanana amaona amene anachita bwino m'magemu a mu division, kenako m'magemu ndi matimu amene nonse munasewera nawo, kenako a mu conference. Pambuyo pake pamabwera chinthu chimene amati strength of victory, kutanthauza kuti amaphatikiza zotsatira za matimu onse amene munawagonjetsa, amene anagwetsa zimphona amaposa amene ankangomenya ofooka, kenako strength of schedule, yomwe imawerenga onse amene munakumana nawo kaya munawina kaya munaluza. Za zigoli zimene mumafunsa zija zili kumunsi kwenikweni, amazifika mwa apo ndi apo, moti kuwina 45-0 ndi kuwina 17-16 pa tebulo n'chimodzimodzi. Zonse zikakanika, sitepe yomaliza pa masitepe 12 ndi khobidi lomwe lija. Akakhala a ma division osiyana akulimbirana malo a wild card (malo a mu playoffs a matimu amene sanatsogole division yawo), za division amazidumpha, amachoka pa kukumana kwawo kupita pa conference.

Kuti muone kuti theka lija silocheza, pa 9 January 2022, gemu yomaliza ya ligi, Las Vegas Raiders ndi Los Angeles Chargers onse anali ndi 9-7, kuwina 9 kuluza 7. Pittsburgh Steelers inali itamaliza kale ndi 9-7-1, kamodzi kakumapetoko kali droo ya 16-16 ndi Detroit. Masamu ake anali akuti wowina alowa limodzi ndi Pittsburgh, koma akalepherana onse atatu akhala 9-7-1 ndipo Pittsburgh ituluka chifukwa inaluza kwa onse awiri chaka chimenecho. Sabata yonse anthu ankaseka kuti angogwirizana azingogwada ndi mpira mpaka nthawi ithe. Ndiye gemu inapitadi ku overtime, zigoli n'kufika 32-32, kwatsala masekondi 38, osewera a Pittsburgh ali kunyumba maso pa TV, kochi wa Chargers Brandon Staley anaitana timeout imene anthu amakanganabe mpaka pano kuti inali ya chani, Raiders inathamanga ndi mpira mayadi khumi, Daniel Carlson n'kumenya ya mayadi 47 wotchi ikuthera. 35-32, Chargers kunyumba, Pittsburgh mkati.

Ine pandekha droo ya mu ligi sindidana nayo. Anthu a ku America ambiri imawanyansa, akuti walipira tikiti yodula ndiye upite wopanda wowina, koma masewera amenewa ndi ogundana thupi ndi thupi, munthu wa makilo 140 akukugwera kwa maola atatu, kuwawonjezera chigawo china ndi china pa gemu ya mu September n'kungofuna kuthyola ana a eni. Ku mpira wa makoleji kulibe droo, amayambira pa mayadi 25 mosinthana ndipo kuyambira overtime yachitatu amangopikisana pa two-point conversion (mpata umodzi wolowetsa mpira kuchokera pafupi, wa mapointi awiri), chimenecho ndiye chimafananako ndi mapenate anu aja, Illinois ndi Penn State anafika nacho ma overtime 9 mu 2021 zigoli zake 20-18 zokha. Ngati mumafuna zoterozo, auzeni anzanu akuntchitowo akutengereni ku gemu ya makoleji ya Loweruka osati ya NFL ya Lamlungu.