Achimwene a ku Ulónguè, ng'ombezo musagulitse kaye

Achimwene, funso lanu ndaliona, ndipo nditawerenga mayankho a anzathu ena amene akungoti "mtumizeni, mwayi subwera kawiri" ndaganiza zolemba motalikirako. Mwati mwana wanu wamkazi akumaliza décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, chaka chino, masamu ndi fizikisi amakhoza bwino, mtima wake uli pa uinjiniya, ndipo wapeza yunivesite ya Kettering ku Michigan, ku America, komwe wophunzira amakhala miyezi ina m'kalasi, miyezi ina kukampani akugwira ntchito yolipidwa. Mukufunsa ngati malipiro amenewo angakwanire fizi, ndiponso ngati kuli kwanzeru kugulitsa ng'ombe ndi chigawo cha munda wa mbatatesi kuti apeze poyambira.

Sukuluyo si yachinyengo ayi, ndipo kaphunzitsidwe kake ine ndimakasirira. Koma ng'ombe musagulitse. Malipiro a co-op, dongosolo losinthanitsa kalasi ndi ntchitoli, amathandiza munthu amene walowa kale ndipo ali ndi womulipirira. Sangamuchotse mwana ku Angónia n'kukamufikitsa ku Michigan.

Ndiyambe ndi ubwino wake, poti ndi wambiri. Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Herman Schneider pa yunivesite ya Cincinnati mu 1906, ndi ophunzira 27 okha. Iyeyu anaona kuti mainjiniya amene anayamba agwirako ntchito asanamalize maphunziro ankamvetsa zinthu msanga kuposa amene anangokhalira mabuku. Kettering ili mumzinda wa Flint, inayamba mu 1919, ndipo kwa zaka zambiri inali sukulu ya kampani ya magalimoto ya General Motors, n'chifukwa chake inkatchedwa General Motors Institute, ndipo pambuyo pake inadzatenga dzina la Charles Kettering mu 1998. Ophunzira amawagawa pawiri: gulu lina likakhala m'kalasi pafupifupi miyezi itatu, lina limakhala kuntchito, kenako amasinthana, chaka chonse popanda tchuthi chachitali. Pomaliza digiri mwana amakhala atagwira ntchito zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kafukufuku wake womaliza nthawi zambiri amakhala wa vuto lenileni la kampani yomwe wakhala akugwirako. Mary Barra, amene wakhala mkulu wa General Motors kuyambira 2014, anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi pomwepo n'kumaliza mu 1985. Izi mumuuze mwana wathuyo, adziwe kuti mkazi pantchito imeneyi si mlendo. Ku Canada kuli yunivesite ya Waterloo, imene inayamba mu 1957 ndipo ophunzira ake a uinjiniya amasinthanitsa kalasi ndi ntchito miyezi inayiinayi. Ku Boston kuli Northeastern, ku Philadelphia kuli Drexel, nazonso za co-op.

Ine ndimagwira ntchito yokonza makina kuno ku Moatize, ndipo ana obwera pa estágio, kudzaphunzira ntchito pakampani, amadutsa m'manja mwanga. Kusiyana kwa mwana amene anapondako m'fakitale ndi amene sanapondeko kumaoneka tsiku loyamba lomwe. Wina amatha kukuwerengerani pa pepala mphamvu ya mota mpaka kadontho, koma mukamuimika pafupi ndi lamba wonyamula malasha sadziwa kuti asanagwire chilichonse ayenera kuzimitsa magetsi, kukhoma loko wake pa switchi, n'kuyesanso kuti atsimikize kuti moto wazimadi. Sadziwa kumva ndi khutu kuti bering'i yayamba kudya. Sadziwa kufunsa mekaniki wachikulire amene sanapite patali ndi sukulu koma pampu imeneyo wakhala akuimasula zaka makumi awiri. Ndipo chimene chimandidandaulitsa kwambiri, sadziwa kulemba lipoti lalifupi lonena chimene chafa, chifukwa chake, ndi mtengo wokonzera. Zimenezi sizilowa m'mutu pa mwezi umodzi wa kumapeto kwa maphunziro. Zimalowa mwana akamapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera: zimene wamva m'kalasi akaziona pa makina, ndipo zimene zamuzunguza pa makina akazifunsa kwa mphunzitsi. Mphamvu ya co-op yagona pamenepo. Malipiro amangobwera pamwamba.

Tsono tiwerengere ndalama. Fizi yokha pa Kettering imaposa madola 40,000 pachaka, osawerengera nyumba, chakudya, inshuwalansi ya kuchipatala, mabuku ndi ndege. Dola imodzi ikamasinthidwa pa meticais pafupifupi 64, ndiye kuti fizi yokhayo yadutsa mamiliyoni awiri ndi theka, chaka chilichonse, kwa zaka zoposa zinayi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mtengo wa ng'ombe pa msika wa kwanuko. Werengerani khola lonse muone ngati likufika pa theka la chaka choyamba. Waterloo nayo kwa mwana wochokera kunja siitsika mtengo.

Ndipo ndalamazo amafuna kuziona mwana asananyamuke. Sukulu ya ku America siitulutsa pepala lotchedwa I-20, limene amapemphera visa ya F-1, popanda umboni wa kubanki kapena wa bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro) woti chaka choyamba chonse chili ndi mwini wake. Malipiro a ntchito imene sanaipeze sangawalembe pamenepo. Akafika, wophunzira wakunja amagwira co-op ndi chilolezo chotchedwa CPT, ndipo lamulo lake kwa a digiri yoyamba limafuna kuti ayambe waphunzira chaka chimodzi chathunthu. Palinso kena kamene ambiri sakadziwa: akagwira CPT ya tsiku lonse kokwana miyezi 12, amataya mwayi wa OPT, chilolezo chogwira ntchito atamaliza digiri. Pa sukulu imene theka la maphunziro ndi ntchito, miyezi 12 siichedwa kukwana.

Ntchitoyonso sachita kumuikira m'manja. Sukulu imaitana makampani, imathandiza kulemba CV, koma mwana amapikisana ndi anzake pa intavyu, m'Chingerezi, ndipo ntchito zina zokhudza zida za nkhondo kapena luso lotetezedwa ndi boma salemba mlendo. Akaipeza, ikhoza kukhala mumzinda wina, kumene adzalipira lendi yachiwiri, ndipo madera ambiri a ku Michigan popanda galimoto kuntchito sufikako, makamaka nyengo ya chipale chofewa, imene chisanu cha mu Juni cha ku Tsangano sichiyandikirako n'komwe. Zotsala m'thumba zimachepetsako ngongole, inde, koma sizimaliza fizi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ng'ombe zanu zili pamphuno.

Kumene kampani imalipiradi mwezi ndi mwezi, ngakhale miyezi ya m'kalasi, ndi ku Germany, pa sukulu ngati DHBW ku Baden-Württemberg, imene muzu wake ndi wa mu 1974 pamene makampani ngati Daimler-Benz ndi Bosch anagwirizana ndi boma la chigawocho. Koma kumeneko khomo ndi lopapatiza: kampani iyambe yakusayinitsa kontrakiti, Chijeremani uchilankhule bwino, ndipo satifiketi yako ya sekondale aivomereze. Kwa mwana amene akulemba mayeso miyezi ikubwerayi, imeneyo si nkhani ya chaka chino.

Akanakhala wanga ndikanatere. Alembe mayeso olowera m'sukulu zathu zomwezi, ndipo co-op aipange yekha ndi miyendo yake. Tisaiwale kuti tikukhala m'chigawo cha Tete, kuno ku Mozambique, chimene makina akuluakulu ali pakhomo. Ku Songo kuli Instituto Superior Politécnico de Songo, yophunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, wa zamadzi ndi wa makina oyendera kutentha, ndipo pafupi pomwepo pali damu la Cahora Bassa ndi makina ake asanu opukusa magetsi okwana ma megawati 2,075, pamodzi ndi chingwe chotenga magetsiwo makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo ku South Africa. Wophunzira wa ku Flint akhoza kumaliza digiri yake asanaonepo chinthu chotere. Mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, ya migodi ndi kuyeretsa miyala. Ku Beira kuli uinjiniya wa UniZambeze, ku Maputo kuli Eduardo Mondlane. Kutsidya ku Malawi, MUBAS ya ku Blantyre ndi MUST ya ku Thyolo zimatumiza ophunzira a uinjiniya ku makampani asanamalize, ndipo amaphunzitsa m'Chingerezi, kungoti fizi ya mlendo muyambe mwaifunsa.

Mukandifunsa kosi, ine ndinganene zamagetsi kapena zamakina, osati migodi, ngakhale kuti mgodi ndi umene ukundidyetsa. Malasha amakwera n'kutsika. Kampani ya Rio Tinto inagula migodi ina ya kuno mu 2011 ndi madola oposa mabiliyoni atatu, n'kudzagulitsa kwa ICVL, kampani ya ku India, mu 2014 ndi mamiliyoni 50 okha. Vale, imene inayamba kukumba ku Moatize mu 2011, inachoka mu 2022 n'kusiyira Vulcan. Nthawi iliyonse mwini akasintha, mitima ya antchito imakhala m'mwamba. Koma wodziwa transifoma, mota ndi pampu amafunika kumgodi, kunjanji ya ku Nacala, kukampani ya magetsi ya EDM, kufakitale ya fodya, kuchipatala, ndipo damu la Mphanda Nkuwa la ma megawati 1,500 likadzamangidwa adzafunikanso kumeneko.

Chimene sukulu zathu zilibe ndi dongosolo lija losinthanitsa kalasi ndi ntchito kuyambira pachiyambi. Estágio nthawi zambiri imadza kumapeto, imakhala yaifupi, ndipo malo ambiri salipira kapena amangopereka ya chapa (minibasi) ndi chakudya chamasana. Mpata umenewu ndi umene mwana wakhama amautseka yekha. Tchuthi chilichonse chachitali, kuyambira chaka choyamba, apemphe kalata kusukulu n'kukagogoda. Asayambire pa makampani otchuka okha, kumene makalata amaunjikana. Makontrakitala ang'onoang'ono amene amakonzera makampani akuluwo makina, malo okulungira mamota oyaka, oika ma sola, okumba zitsime, ngakhale garaja ya mathirakitala ku Ulónguè komweko, ndi amene amalola mwana kugwira sipanala m'malo momukhazika mu ofesi kuti azijambula mapepala. Kulikonse kumene wagwira atengeko kalata yosayinidwa yonena masiku ndi ntchito imene anachita, ndipo akhale ndi kope lolembamo chimene chinawonongeka ndi mmene anachikonzera. Pa intavyu kope limenelo limalankhula kuposa magiredi. Apa ndi pamene ng'ombe imodzi ingagwire ntchito yake: laputopu yolimba yotha kunyamula pulogalamu yojambulira mapulani ya AutoCAD, nsapato zachitetezo, ndi lendi ya miyezi iwiri ku Tete kapena ku Songo pamene akugwira ntchito yosalipidwa. Poti ndi mtsikana, malo ogona muwaone ndi maso anu, ndipo akhale ndi munthu wamkulu wodziwika amene angamuuze ngati wina kuntchito wayamba kumuvuta.

Chingerezi achigwire kuyambira lero. Ana a kumalire kuno ali ndi mwayi poti amachimva pa wailesi za ku Malawi ndi pa msika wa ku Dedza ndi ku Lizulu, koma Chingerezi cha pamsika sichikhozetsa mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL. Mabuku a makina ambiri amene timalandira amabwera m'Chingerezi, ndipo mabwana ochokera ku India ndi ku South Africa amalankhula chomwecho. Akadzakhala ndi digiri, zaka ziwiri za ntchito ndi Chingerezi chabwino, makomo a masters olipiriridwa zonse monga Chevening ya ku Britain ndi Fulbright ya ku America amakhala otheka, ndipo apo n'kuti inu simunataye munda. Ngati mtima wake uli pa kutuluka panopa, ayang'ane zolengeza za ofesi ya boma yoona za bolsa, Instituto de Bolsas de Estudo, komanso PEC-G ya ku Brazil, imene imapereka malo a digiri yoyamba opanda fizi, m'Chipwitikizi chimene akuchidziwa kale, ngakhale kuti chakudya ndi nyumba banja liyenera kusonyeza kuti likwanitsa. Ku Brazil lamulo la mu 2008 limati estágio imene si yokakamizidwa ndi kosi iyenera kulipidwa.

Sindikuti ku Kettering asalembereko. Alembere, mwachindunji pa tsamba la sukuluyo, osadzera mwa munthu aliyense wa pa WhatsApp amene akufuna ndalama yoti "akonzere malo". Awafunse molemba kuti akachotsa bolsa yonse imene angamupatse adzatsala ndi zingati pachaka, kuti wophunzira wakunja amayamba co-op liti, kuti mwa akunja a chaka chatha ndi angati anapeza ntchito pa nthawi yake, ndi chimene chimachitika kwa amene sanaipeze. Yankho likabwera, chiwerengero cha ndalama zotsala kulipiracho muchiike pambali pa zimene mumakolola pachaka chabwino, osati pambali pa mtengo wa khola. Chikakwanira popanda kugulitsa munda, ine ndidzakhala woyamba kusonkha ya sutikesi.

Pakadali pano aone masiku olembetsera mayeso a ku Songo ndi ku Tete, chifukwa sachedwa kutseka, ndipo BI (chiphaso cha unzika), NUIT (nambala ya msonkho) ndi mapepala a kusukulu zikhale pamodzi. Kalata yake yoyamba yopempha estágio anditumizire ku inbox ndiione asanaipereke.