Prado kapena Discovery 4?

Funso: Akulu, ndimakhala ku Area 47 ndipo ndili ndi ana anayi. Mwezi uliwonse timapita kumudzi ku Mchinji kukaona agogo awo. Mtima wanga uli pa Land Rover Discovery 4, koma mayi a kunyumba akuti tigule Toyota Prado. Nditani? Bambo wa ku Lilongwe.

Yankho: Bambo, mayiwo aona patali. Discovery 4, yomwe inkapangidwa kuyambira 2009 mpaka 2016, ndi yofewa pamsewu moti ana amagona musanafike pa Namitete. Kufewako kumachokera ku matumba a mpweya amene amanyamula galimoto m'malo mwa masipuling'i. Akakalamba amayamba kutaya mpweya, pampu yake n'kumagwira ntchito mosapuma mpaka kupsa, ndipo m'mawa mumapeza galimoto itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Masipeya ake nthawi zambiri mumachita kuitanitsa kunja, n'kudikira.

Prado imagwedeza pang'ono m'maenje, inde, koma amakaniko ambiri mumzinda muno amaidziwa, masipeya savuta, ndipo pogulitsa mtengo sugwa msanga. Galimoto ziwiri zonsezi zimapezeka za mipando 7.

Musanapereke ndalama, onani buku la sevisi ndipo makaniko wanu alowe kunsi kwake.